Ufulu wa Munthu Wodwala Maganizo: Mafunso ndi Mayankho

Munthu wothyoka mwendo akauza dokotala kuti pulasitala yamuthina, amamumvera n'kuimasula. Koma wogonekedwa mu wodi ya matenda a maganizo akanena kuti jakisoni wamuumitsa khosi, kapena kuti wina anamumenya usiku, nthawi zambiri amangolemba mu fayilo kuti matenda akula. Mafunso ali m'munsiwa akuzungulira pomwepo: munthu mawu ake akasiya kuwerengedwa, ufulu wake autchinjiriza ndani? Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho ndikatchula lamulo nditchulanso kwawo.

Kodi munthu akadwala maganizo amataya ufulu wake?

Ayi. Ufulu wachibadwidwe sutsalira pakhomo la chipatala ngati nsapato. Mu December 2006 bungwe la United Nations linavomereza pangano la ufulu wa anthu aulumali, lomwe ambiri amangolitchula kuti CRPD, ndipo linayamba kugwira ntchito mu May 2008. Panganoli limawerengeranso anthu amene ali ndi mavuto a maganizo okhalitsa. Ndime 12 imati munthu wotere ndi munthu pamaso pa malamulo ngati wina aliyense, ndime 14 imati ulumali pawokha si chifukwa chomutsekerera, ndime 15 imaletsa nkhanza, ndipo ndime 19 imamupatsa ufulu wokhala pakati pa anthu anzake.

Si nkhani ya anthu ochepanso ayi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 aliwonse padziko lapansi anali ndi vuto la maganizo, anthu pafupifupi 970 miliyoni.

Nanga amaloledwa kumugoneka m'chipatala iye asakufuna?

Apa ndi pamene akatswiri eniake amakokanakokana. Komiti yoyang'anira pangano la CRPD imati kutsekera munthu chifukwa cha matenda a maganizo n'kuphwanya ufulu wake, ngakhale atawonjezerapo zifukwa zina. Komiti ina ya United Nations yomweyo, yoona za ufulu wa anthu onse, inati mu 2014 n'zololedwa pokhapokha njira zina zonse zitakanika, kwa nthawi yochepa, ndiponso khoti kapena bwalo lina likuyang'anira. Mayiko ambiri akadali ndi malamulo olola kugoneka munthu mokakamiza.

Chomwe malamulo abwino amagwirizana n'choti kudwala kokha sikukwanira. Nkhani ya Kenneth Donaldson imaonetsa bwino. Iyeyu anagonekedwa m'chipatala cha boma ku Florida, m'dziko la United States, mu 1957, bambo ake atapempha khoti. Sanapwetekepo munthu, ndipo panali anthu amene ankafuna kumutenga n'kumusamala, koma anakhala mkatimo zaka pafupifupi 15. Mu 1975 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti boma lilibe mphamvu yongotsekera munthu amene saopseza wina aliyense komanso angathe kukhala bwinobwino kunja, payekha kapena mothandizidwa ndi achibale ndi anzake.

Chinanso ndi malire a masiku. Ku England ndi Wales lamulo la 1983 linaika masiku osapitirira 28 ogoneka munthu kuti amuyeze, ndipo linalola wodwalayo kuchita apilo ku bwalo lapadera m'masiku 14 oyamba. Ku Italy chilolezo chokakamiza chithandizo chimakhala cha masiku 7, pamafunika madokotala awiri ndi siginecha ya meya, ndipo woweruza amayenera kudziwitsidwa pasanathe maola 48. Mu 2003, pa mlandu wa Purohit ndi Moore, bungwe loona za ufulu wa anthu mu Africa la African Commission on Human and Peoples' Rights linapeza dziko la Gambia lolakwa chifukwa lamulo lake lakale linkalola kutsekera munthu popanda njira yochitira apilo, komanso linkatchula odwala ndi mayina onyoza.

Maganizo anga ndi awa. Ndinaonapo usiku umene munthu sakanafika m'mawa akanapanda kugwiridwa, ndiye sindinganame kuti nthawi yotereyo kulibe. Koma chitseko chokhoma popanda tsiku lotsegulira, popanda munthu wakunja wofunsa chifukwa chake, imeneyo ndi ndende, ngakhale alonda ake atavala zoyera.

Andigoneka ndisakufuna. Ndifunse chiyani?

Funsani kuti akusungani pa lamulo liti, kwa masiku angati, ndipo wasaina ndani. Pemphani kuti akupatseni zimenezo pa pepala, m'chiyankhulo chimene mumamva. Funsani komwe mungachite apilo ndi momwe mungapezere loya kapena munthu wokuyankhulirani. Pemphani kuti adziwitse munthu amene mwasankha inu, osati amene wakubweretsani basi, poti nthawi zina wokubweretsaniyo ndi yemwe mukulimbana naye.

Mukafunsa modekha n'kulemba tsiku ndi dzina la amene wakuyankhani, zimathandiza. N'zomvetsa chisoni kuti wodwala ayenera kudekha kuposa anthu abwinobwino kuti amveke, koma mu wodi mkwiyo umalembedwa ngati chizindikiro cha matenda.

Ndinasaina ndekha kuti andigoneke. Ndingatuluke pomwe ndafunira?

Mwalamulo, amene walowa mwa kufuna kwake amatulukanso mwa kufuna kwake. M'mayiko ambiri dokotala ali ndi mphamvu yomusungako kwa maola kapena masiku ochepa ngati akuona kuti pali ngozi, koma akatero ayenera kutsata ndondomeko yonse ya kugoneka mokakamiza. Chenjerani ndi mawu akuti "sainani, apo ayi tikugonekani ndi mphamvu". Siginecha yotero si chilolezo, ndipo imamulanda munthu ufulu wochita apilo, poti pa pepala amaoneka ngati wabwera yekha.

Kodi ndili ndi ufulu wokana mankhwala?

Poyambira pake ndi pomwe pamayambira matenda ena onse: dokotala afotokoze dzina la mankhwala, ntchito yake, zovuta zake ndi njira zina zimene zilipo, kenako mwiniwake avomere kapena akane. Kugonekedwa mokakamiza sikutanthauza kuti wavomera chilichonse. Kumvetsa zinthu nakonso kumasinthasintha. Munthu amene Lolemba sankadziwa komwe ali, Lachisanu angathe kukambirana bwinobwino za mapilisi ake, ndipo ayenera kufunsidwanso.

Ambiri amene amakana mankhwala sakana kuchira. Amakana kunjenjemera manja, kudontha malovu, kuuma khosi ndi lilime, kunenepa modzidzimutsa, kugona usana wonse, kufooka m'banja. Mankhwala akale monga chlorpromazine ndi haloperidol amadziwika ndi kuumitsa thupi ndi kunjenjemeretsa, pomwe atsopanoko monga olanzapine amanenepetsa ndipo amatha kuyambitsa shuga. Dokotala womvetsera amachepetsa mlingo, amasintha mtundu, kapena amawonjezera mankhwala oletsa kuumako. Wosamvetsera amalemba kuti wodwala ngwamakani. Komabe musasiye mankhwala mwadzidzidzi panokha, chifukwa matenda amatha kubwerera ndi ukali. Ufulu wokana umayenda bwino mukamakambirana.

Chithandizo chamagetsi cha ECT chimathandiza ena amene ali ndi matenda aakulu okhumudwa, koma kuchipereka popanda mankhwala ogonetsa ndi ofewetsa minofu ndi nkhanza. Dziko la India linaletsa mchitidwe umenewu m'lamulo lake la 2017.

Thupi nalo lisaiwalike. WHO imati anthu odwala matenda aakulu a maganizo amamwalira zaka 10 mpaka 20 msanga kuposa anzawo, makamaka ndi matenda ochizika a m'thupi. Munthu akadandaula chifuwa, amupime chifuwacho.

Kumanga wodwala kapena kumutsekera m'chipinda yekha n'kololedwa?

Ndiyankha ndi zimene ndinaona. Achimwene anga atagonekedwa, ndinapita kukawaona nthawi ya masana ndipo ndinawapeza atawamangirira ku bedi ndi nsanza zong'amba ku shiti, manja uku ndi uku, miyendo pamodzi. Matiresi anali atanyowa. Kapu ya madzi inali pa kabati, pafupi ndithu, koma poti dzanja silikanafika. Pamene panadutsa nsanza khungu linali litatupa mbali zonse ziwiri.

Ndinafunsa kuti, "Anesi, achimwenewa awamanga nthawi yanji?"

"Amavuta usiku," anandiyankha.

Nthawi yake panalibe woidziwa. Mu fayilo munalibe chilichonse. Titawamasula, achimwene anandiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Mlongo wanga, ine ndimangofuna kupita kuchimbudzi." Anali atagogoda chitseko chokhoma, ndipo kugogodako ndiye kunali kuvutako. Nesi wa usikuwo sindimuda kwenikweni, anali yekha wodi yonse. Koma kuchepa kwa antchito ndi mlandu wa amene amagawa ndalama, ndipo wodwala sayenera kuulipira ndi manja ake.

Komwe malamulo amalola kumanga, amati kukhale komaliza zonse zitakanika, pofuna kupewa ngozi ya pompopompo, kwa mphindi zochepa, wina ali pambali kumuyang'anira, ndipo zilembedwe: nthawi yoyamba, nthawi yomasula, chifukwa, ndi amene walamula. Chisakhale chilango, kapena njira yoti antchito apumeko. Mu 2013 Juan Méndez, yemwe anali nthumwi yapadera ya United Nations pa nkhani za kuzunza anthu, anapempha kuti kumanga ndi kutsekera payekha anthu odwala maganizo kuletsedwe kotheratu.

Kugwira munthu mwamphamvu kumapha. Olaseni Lewis, mnyamata wa zaka 23, anamwalira ku London mu 2010 apolisi 11 atamupanikiza m'chipatala cha matenda a maganizo momwe anapita yekha kukafuna thandizo. Banja lake linalimbikira mpaka mu 2018 panakhazikitsidwa lamulo lokakamiza zipatala za ku England kulemba nthawi iliyonse imene zagwiritsa ntchito mphamvu pa wodwala.

Za unyolo ndiye palibe chokambirana. Mu August 2001 moto unabuka pa malo ena osungira odwala pafupi ndi malo opempherera ku Erwadi, m'chigawo cha Tamil Nadu ku India, ndipo anthu oposa 25 anapsa chifukwa anali omangidwa ndi matcheni. Mu 2020 bungwe la Human Rights Watch linapeza umboni wa kumanga odwala ndi unyolo m'mayiko 60, m'makomo, m'zipatala ndi m'malo a mapemphero. Ku Paris, woyang'anira wodi Jean-Baptiste Pussin ndi dokotala Philippe Pinel anayamba kumasula odwala maunyolo zaka za m'ma 1790. Papita zaka zoposa 200 ndipo ntchitoyo sinathe.

Ife achibale timangofuna kumuthandiza. Tilibe mawu?

Muli nawo, ndipo nthawi zambiri ndinu amene mumagona pansi pambali pa bedi, kuchapa zofunda ndi kuthamangitsa dokotala m'makhonde. Dokotala wanzeru amakumverani, poti inu mumadziwa momwe munthuyo amakhalira akakhala bwino. Muyeneranso kuthandizidwa, chifukwa kudwazika matenda amenewa kumatopetsa thupi ndi mtima.

Koma kukhala ndi mawu n'kosiyana ndi kulanda mawu a mwiniwake. Si wachibale aliyense amene amabwera ndi mtima woyera. Pali amene anagoneketsa mkazi kuti akwatire wina, kapena mkulu wawo kuti agulitse nyumba. N'chifukwa chake pempho la wachibale lokha siliyenera kukwanira kutsekera munthu. Ndipo ngakhale ife achikondife timalakwa. Ndimakumbukira ndikuyankha mafunso onse a dokotala, achimwene ali pompo pampando, ngati tikukamba za katundu amene tabwera naye.

Nanga chuma chake, banja lake, ndi kuvota?

Kale khoti linkangoti munthu "sali bwino m'mutu" n'kupereka zonse kwa womuyang'anira: ndalama, nyumba, komwe akakhale, ngakhale ufulu wopita kukhoti kukadandaula za womuyang'anirayo. Rusi Stanev wa ku Bulgaria anatumizidwa mu 2002 ku nyumba yosungira anthu kumapiri, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera kwawo, iye osafunsidwa. Mu 2012 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti kumeneko kunali kumutsekera mosatsata lamulo, ndipo moyo wa kumeneko unali wonyazitsa munthu.

Njira imene ndime 12 ya CRPD imafuna ndi yomuthandiza munthu kusankha, osati kumusankhira. Amatchula yekha anthu owakhulupirira oti azimufotokozera mapepala ndi kumuperekeza kubanki, koma siginecha imakhala yake. Dziko la Peru linasintha malamulo ake motero mu 2018, Colombia mu 2019.

Pa kuvota, Spain inabwezera ufuluwu kwa anthu pafupifupi 100,000 mu 2018. Pa kubereka, mbiri yake ndi yowawa. Ku Japan lamulo lolola kutseka anthu aulumali ndi odwala maganizo kuti asabereke linagwira ntchito kuyambira 1948 mpaka 1996, anthu pafupifupi 16,500 anatsekedwa popanda chilolezo chawo, ndipo khoti lalikulu linagamula kuti lamulolo linali losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko mu July 2024, ambiri mwa iwo atakalamba kapena kumwalira. Mwana naye asalandidwe chifukwa choti mayi ali ndi dzina la matenda mu fayilo. Funso likhale lakuti mwanayo akusamalidwa bwanji, ndipo mayiyo akufunika thandizo lanji.

Ndani ali ndi ufulu wodziwa za matenda anga?

Inu ndi amene akukuthandizani. Abwana kuntchito, aphunzitsi, atsogoleri a mpingo, ngakhale achibale, sayenera kuuzidwa popanda chilolezo chanu, kupatula pamene moyo wa munthu uli pangozi yeniyeni kapena khoti lalamula. M'mayiko ambiri muli ndi ufulu woona fayilo yanu ndi kupempha kuti cholakwika chikonzedwe. Kujambula wodwala ali pakati pa matenda n'kuponya pa Facebook kapena WhatsApp n'kumuvula pagulu. Iye adzachira, koma kanemayo sadzachoka.

Koma anthu amenewa si oopsa?

Ochuluka zedi sanapwetekepo munthu, ndipo kafukufuku amaonetsa kuti iwo ndi amene amamenyedwa, kuberedwa ndi kugwiriridwa kuposa anthu ena. Alipo ochepa amene nthawi ya matenda amatha kuvulaza, makamaka pakasakanikirana mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kapena akasowa chithandizo nthawi yaitali. Munthu aweruzidwe pa zimene wachita kapena akufuna kuchita, osati pa dzina la matenda ake.

Kodi munthu wabwinobwino angatsekeredwe ngati wodwala?

Zinachitikapo, ndipo mwadala. Ku Soviet Union anthu otsutsa boma ankawapeza ndi matenda a maganizo n'kuwatsekera m'zipatala, mpaka mu 1983 bungwe la madokotala a dzikolo linatuluka mu World Psychiatric Association, bungwe la madokotala a maganizo padziko lonse, poona kuti lichotsedwa. Mu 1851 dokotala wina wa ku America, Samuel Cartwright, analemba kuti kuthawa kwa akapolo ndi matenda a maganizo. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Mwambiwu umachenjeza osamva, koma amphamvu anaphunzirapo china: ukafuna kuti woona nkhondo asamveke, yamba wamutcha wamisala.

Bwanji osangotseka zipatala zikuluzikuluzo?

Ku Italy anatero. Dokotala wa matenda a maganizo Franco Basaglia anayamba ndi kutsegula zitseko za mawodi ku Gorizia, kenako ku Trieste, ndipo lamulo nambala 180 la 1978 linaletsa kugoneka odwala atsopano m'zipatala zakalezo. Ku Trieste m'malo mwake munabwera malo othandizira anthu m'madera momwe akukhala, otsegula usana ndi usiku, okhala ndi mabedi ochepa. Ku United States, Lois Curtis ndi Elaine Wilson anakhalabe m'chipatala ku Georgia madokotala awo atanena kale kuti angathe kukhala kunja, ndipo mu 1999 khoti lalikulu linati kusunga anthu motero popanda chifukwa ndi tsankho.

Koma kutulutsa anthu popanda kowalandira ndi kuwataya. Mu 2016 boma la chigawo cha Gauteng ku South Africa, pofuna kupulumutsa ndalama, linasamutsa odwala oposa 1,000 kuchoka m'zipatala za Life Esidimeni kupita ku timabungwe tosakonzeka, tambiri topanda ziphaso zoyenera. Anthu 144 anamwalira, ambiri ndi njala, ludzu ndi kusasamalidwa. Mabanja ena sanauzidwe n'komwe kumene abale awo apita, ndipo anayendayenda mpaka kukawapeza ku mochale. Mu 2018 jaji wopuma Dikgang Moseneke analamula boma kupereka chipukuta misozi.

Ndalama ndiye phata lake. WHO imati mayiko amaika pafupifupi 2 peresenti yokha ya bajeti ya zaumoyo ku thanzi la maganizo, ndipo m'mayiko ambiri gawo lalikulu la kandalama kameneko limathera m'zipatala zikuluzikulu zomwezo.

Ufulu ukaphwanyidwa, tikadandaule kuti?

Yambani ndi wamkulu wa wodi kapena wa chipatala, ndipo lembani kalata n'kusunga kope. Zikakanika pali bungwe lopereka ziphaso kwa madokotala ndi anamwino, bungwe la boma loona za ufulu wa anthu, ofesi ya ombudsman komwe ilipo, maloya othandiza osauka, ndi khoti. Kumenya ndi kugwirira ndi milandu ya kupolisi, kaya zachitikira mu wodi.

Mayiko amene anavomereza pangano la United Nations la 2002 lopewera kuzunza anthu, lotchedwa OPCAT, ayenera kukhala ndi gulu loyima palokha lotha kulowa m'malo onse otsekera anthu, zipatala za maganizo zomwe, n'kucheza ndi odwala paokha popanda wantchito kumvetsera. Mabungwe a anthu amene anadwalapo eniake ndi othandiza kwambiri, chifukwa amadziwa mafunso amene mlendo sangaganize kufunsa: kodi chimbudzi chimatsegulidwa usiku, kodi makalata amafika, kodi amene anadandaula mwezi watha anamuchita chiyani.

Umboni umathandiza kuposa mkwiyo. Lembani tsiku, nthawi, dzina la mankhwala ndi mlingo wake. Mabala ajambuleni, mwiniwake akalola.

Ndili bwino panopa, koma matendawa amabwerera. Ndingakonzekere bwanji?

Lembani zofuna zanu mudakali bwino. Lamulo la India la 2017 limalola munthu kulemberatu chithandizo chimene akufuna ndi chimene sakufuna, komanso kusankha womuyimira, ndipo mayiko ena angapo ali ndi njira yofanana nayo. Ngakhale komwe pepalalo lilibe mphamvu ya lamulo, dokotala wokuonani koyamba pakati pa usiku amakhala ndi poyambira.

Lisakhale lalitali. Tchulani zizindikiro zoyamba za matenda anu, mankhwala amene anakuthandizanipo ndi amene anakupwetekani, woti aimbiridwe foni ndi woti asauzidwe, woti asamale ana ndi ndalama, ndi chimene chimakukhazikani mtima pansi. Sainani inu, isainenso mboni, ndipo makope akhale kwa dokotala ndi kwa munthu amene mwamusankha.

Achimwene analemba lawo patapita miyezi ingapo atatuluka, ndipo kope limodzi ndimasunga ine. Ndi tsamba limodzi lokha. Mzere wachitatu umati akayamba kuyendayenda usiku asawagwire, angowafunsa kaye chimene akufuna, ndipo chitseko cha kuchimbudzi chikhale chosakhoma.